Chilombo Chinayenda Ngati Bambo

Copenhagen, 9 Okutobala 1978

Okondedwa achemwali Bodil,

Landirani moni wa kuno ku tawuni. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Bambo, ndiponso kuti mphepo ya ku Lemvig sinakuulutsireni denga. Ine ndili bwino, kungoti ndili ndi chimfine, chifukwa mayi mwini nyumba ino amaumira malasha ngati adzapita nawo kumanda.

Muyambe mwakhala pansi. Mlongo wanu uja mumamuseka kuti zaka zisanu ndi chimodzi ku Copenhagen wangophunzirako kutsuka mbale m'malesitilanti, wapatsidwa malo m'sewero la pa kanema. Osati la m'holo ya tchalitchi ayi, la pa kanema weniweni, Denmark yense akuonera. Dzina lake ndi "Chombo Dagmar". Ndi nkhani ya anthu asanu othawa dziko lathu lino litawonongeka, n'kukatera pa dziko lina kuseri kwa nyenyezi. Magawo alipo asanu ndi limodzi. Wotitsogolera, a Krogh, akuti zoterezi sizinachitikepo kuno, ndipo Amereka akadzaona nsanje idzawadwalitsa.

Vuto lilipo limodzi. Akuluakulu a kanema atipatsa ndalama zongokwanira njinga ziwiri zakutha, choncho aliyense wauzidwa kuti abweretse chimene angathe. Ndikupempha munditumizire chijasi chachikasu cha mvula chija cha Bambo, chimene chili pamsomali m'shedi, majombo awo aatali aja, ndi sefa yachitsulo ya malemu Amayi. Bambo panyanja anasiya, sazifunanso. Koma musawauze. Mukudziwa mmene amachitira akangomva mawu oti sewero, amayamba kutsokomola ngati munga wa nsomba wawaima pakhosi.

Mundiuze za kwathu. Kodi mukadali kufakitale ya nsomba kuja?

Ine mlongo wanu,
Ejvind


Lemvig, 17 Okutobala 1978

Iwe Ejvind,

Kalata yako yafika. Tili bwino ndipo denga likadalipo. Kufakitale ndikadali komweko, ukuganiza ndikanapita kuti? Nsomba sizinaphunzirebe kudzitumbula zokha.

Katundu wako ndinamukweza sitima Lachisanu. Chijasi ndinachitulutsa nditachibisa pansi pa zochapa, ngati mbava, m'nyumba mwathu momwe, mzimayi wa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Dzulo Bambo analowa m'shedi n'kuima nthawi yaitali akuyang'ana msomali.

"Bodil, jasi langa lapita kuti?"

Ndinati makoswe analidya ndiye ndinalitaya.

"Makoswe a chaka chino akudya ndi majombo omwe?"

Ndinati inde, ndi anjala. Tchimo limeneli ukalisenza ndiwe pa tsiku lachiweruzo, ine ndinangotumidwa.

Za sewero ndawauza, chifukwa mabodza awiri sindingawalere nthawi imodzi. Anangoti, "Bola azimupatsa chakudya." Kenaka anapita kudoko kukacheza ndi anzawo, ndipo pofika madzulo Lemvig yense anali atamva. Kaya inafala bwanji nkhani imene mwini wake akuti sikumukhudza.

Koma chinthu chimodzi sunandiuze. Iweyo m'seweromo ndiwe ndani? Woyendetsa chombo? Dokotala? Nanga sefa ya Amayi ikukatani kuseri kwa nyenyezi, kumenekonso amaphika mbatatesi? Undiyankhe mosazungulira. Ndimakudziwa, unayamba kuzungulira usanayambe kukwawa.

Bodil


Copenhagen, 22 Novembala 1978

Achemwali okondedwa,

Moni, ndipo pepani pochedwa kuyankha. Tinali kotentha, ngakhale kunena zoona tinali kozizira. Magawo atatu oyamba tajambula, atatu enawo tidzajambula mu Januwale akuluakulu akadzaona mmene anthu alilandirira.

Dziko la kuseri kwa nyenyezi lija ndi dzenje lokumbamo miyala, ola limodzi pa basi kuchokera kuno. Chombo tinachimanga tokha ndi makatoni komanso mathireyi a mazira, n'kupaka penti yasiliva. Mabatani ake ndi zitsekerero za mabotolo a mowa, zimene woyendetsa chombo wathu anatithandiza kusonkhanitsa modzipereka kwambiri. Tsiku lachitatu kunagwa mvula, chombo n'kufewa ngati buledi wa m'khofi, moti tinachichirikiza ndi makwerero. Tsiku lina woyendetsa chombo ali mkati molengeza kuti dziko lino mulibe chamoyo chilichonse, ng'ombe ya mlimi wapafupi inadutsa kumbuyo kwake. A Krogh anati filimu yobwerezera palibe, ndiye ng'ombeyo muiona. Anati tizinena kuti ndi ng'ombe ya kumeneko.

Mwafunsa kuti ndine ndani. Achemwali, ndingoti popanda ine nkhani palibe. Anthu onse asanu a m'chombo amangokamba za ine, ngakhale pamene palibepo. M'gawo loyamba ndimalowa kumapeto, monga amachitira anthu ofunika. Zambiri a Krogh atiletsa kuulula.

Khirisimasi ino sindibwera, tikhala tikumata chombo. Koma lembani pakalendala: Loweruka, 6 Januwale, 7 koloko madzulo. Bambo muwakhazike kutsogolo. Ngati n'kotheka munditumizire masokosi a ubweya ndi nsomba zowamba, pakuti munthu wotchuka nayenso amamva njala.

Wanu,
Ejvind


Lemvig, 8 Januwale 1979

Ejvind,

Moni sindikupatsa, uyambe wamva zimene wachita.

Loweruka Bambo anadzuka m'mawa n'kumeta. Anagula kireti ya mowa, munthu amene amawerenga machesi m'bokosi. Anavala tayi ya pa maliro a Amayi ija. Nditawafunsa anati, "Tayi ndi yanga, ndivala tsiku limene ndafuna." Pofika hafu pasiti sikisi pabalaza panali anthu khumi ndi anayi: a Laurids amene ankayenda nawo pa boti, asodzi ena asanu ndi akazi awo, ndi a Kirstine oyandikana nafe aja, amene tsopano ali ndi zaka makumi asanu ndi atatu ndipo makutu anapuma kale ntchito. Ine ndinaphika makeke awiri.

Sewero linayamba. Aliyense akatulukira, a Kirstine ankafunsa mokweza, "Ndi ameneyu?" Bambo ankati, "Ayi, dikirani." Woyendetsa chombo si iwe. Dokotala si iwe. Ngakhale uja amafa poyambirira, si iwe. Ng'ombe itadutsa a Laurids anauza Bambo kuti, "Aksel, kapena ndi uyu, waonda bwanji." Anthu anaseka, Bambo nawo anaseka, chifukwa anali akudikirabe mwana wawo wofunika.

Kenaka kumapeto kunatuluka utsi kuseri kwa mulu wa miyala, anthu a m'chombo n'kukuwa kuti, "Ulk akubwera." Chinatulukira chilombo. Nkhope yokutidwa ndi mphira wobiriwira, kumutu sefa ya Amayi itamera nyanga za waya, m'thupi chijasi chachikasu, kumiyendo majombo. Mpaka pamenepo ndikanakukhululukira. Koma chinayamba kuyenda, Ejvind. Kuponya mwendo umodzi kumbali, kuima pang'ono, phewa n'kugwa, dzanja limodzi kumsana. Ngakhale wotafuna keke anasiya.

Ndiye a Kirstine, amene sadziwa kunong'ona, anati, "Aksel, kodi si inu uyo? Munapita liti ku Copenhagen?"

A Laurids anayesetsa kudzigwira mpaka mowa unawatulukira m'mphuno. Zitatero nyumba yonse inaphulika. Bambo anaimirira kuti atuluke, ndipo kuti afike pakhomo anayenera kudutsa kutsogolo kwa kanema. Tangoganiza. Chilombo chikuyenda m'galasi, iwo akuyenda pansi, mwendo ndi mwendo, phewa ndi phewa. Akazi ena anabisa nkhope m'mipango.

Ali pakhomo anatembenuka n'kundiyang'ana. "Makoswe," anatero, n'kutuluka.

Lero ndi tsiku lachiwiri asakundilankhula. Chakudya akudyera m'shedi.

Bodil


Copenhagen, 8 Januwale 1979

Achemwali anga okondedwa,

Moni wa chimwemwe. Ndikudziwa kuti kalata yanu yondiyamikira ili m'njira, koma sindingathe kudikira. Munandiona? Munandizindikira? Ndikhulupirira simunakhumudwe kuti nkhope sinaoneke. Nkhope aliyense ali nayo.

Nyuzipepala zatuluka, ndipo ndakudulirani zonse. Ndisaname, atisenda amoyo. Ina yalemba kuti, "Denmark walowa mumlengalenga, ndipo tikupepesa kwa mlengalenga." Ina yati zovala zathu zikuoneka ngati tinagwera m'kabati ya kukhitchini magetsi atazima. Kanyuzipepala ka ana a ku yunivesite kokha ndiko katiyamikira, kakuti chombo chamakatoni chikuimira kugwa kwa anthu olemera. A Krogh akuti n'zimenedi ankatanthauza, ngakhale aka n'koyamba ife kuzimva.

Koma amene amaopedwa ndi a Hjorth. Inu kumeneko simuwadziwa, koma kuno mkulu ameneyu akalemba ndemanga pa sewero, anthu amasamuka m'tawuni. Akuti chombo chathu chikanachita bwino kunyamula mazira monga chinalengedwera. Akuti woyendetsa chombo amalankhula ngati akuwerenga ndandanda ya sitima alibe magalasi. Akuti mwa onse, ng'ombe yokha ndiyo inkadziwa kumene ikupita. Ndiye tamvani ndime yomaliza, ndaiwerenga kakhumi:

"Koma pakati pa zinyalala zimenezi pali chinthu chimodzi chamoyo. Chilombo Ulk chikamayenda, mumaiwala sefa. Mumaona chisoni cha mtundu wonse wa anthu, cholengedwa chimene chagwira ntchito moyo wake wonse ndipo sichikudziwanso kolowera. Dzina la mnyamata amene ali m'jasimo ndi Ejvind Bjerre. Lisungeni."

Lisungeni, achemwali. A Hjorth sanayamikirepo munthu chithere nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Muwawerengere Bambo pang'onopang'ono, makamaka pa chisoni cha mtundu wa anthu. Mundiuze nkhope yawo mmene ikhalire.

Mlongo wanu wosungidwa dzina,
Ejvind


Lemvig, 15 Januwale 1979

Ejvind,

Makalata athu anaphonyana panjira. Yako nditaiwerenga ndinafuna kukwera sitima kuti ndidzakuveke sefa ija mbali inayo.

Sindinawawerengere Bambo chilichonse, koma sizinathandize. Nyuzipepala ya kuno yasindikizanso ndemanga ya a Hjorth ako, pansi pa mutu woti "Mwana wa ku Lemvig agwedeza likulu". Tsopano kudoko amuna akuluakulu a ndevu zawo akaona Bambo akubwera amakuwa kuti, "Thawani, Ulk akubwera." Wogulitsa buledi anawafunsa ngati chisoni cha mtundu wa anthu chikufuna wakuda kapena woyera. Kuyambira Lachinayi sanatulukenso pageti. Munthu amene zaka zisanu ndi chimodzi sanajombepo kudoko, kaya kugwe mvula kaya chisanu.

Popeza ukuoneka kuti waiwala, ndikukumbutse kumene kayendedwe kako kotchukako kanachokera. Unathawa kuno mu Seputembala 1972, usiku woti mawa lake boti linyamuka, n'kusiya kakalata pansi pa botolo la shuga. Boti linapita ndi amuna atatu m'malo mwa anayi. Pobwerera kunali namondwe. Wodumphira padoko ndi chingwe unkakhala iwe. Tsiku limenelo anadumpha ndi Bambo, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, ndipo boti linawapanikiza kukhoma. Iwe unabwera kuchipatala kamodzi, ndi maluwa, n'kubwerera pa sitima ya madzulo omwewo. Amene anawaphunzitsanso kuyenda ndine, kuchokera pabedi kufika pakhomo, miyezi isanu. Kuponya mwendo kuja, kuima kuja, ndinakuona kukubadwa. Bambo sanakutchulepo pa nkhani imeneyi ngakhale tsiku limodzi, ndipo ine anandiletsa.

Ndiye iwe watenga zimenezo, waziveka sefa, a Hjorth n'kukuombera m'manja.

Masokosi ndinali nditaluka kale. Ndawapatsa a Laurids.

Bodil


Copenhagen, 30 Januwale 1979

Achemwali,

Moni, ngati mungaulandire. Makalata anu onse awiri ndinalandira. Ndayamba kuyankha kasanu, kasanu konse n'kung'amba. Poyamba ndinalemba kuti anthu a ku Lemvig sadziwa luso. Kachiwiri ndinalemba kuti mlandu ndi wa majombo. Ino ndilemba zoona, muone ngati ndingathe.

Sindinakonzekere kuwatsanzira. Tsiku loyamba ndinayenda ngati chimbalangondo, a Krogh anati ndikuoneka ngati munthu wofuna chimbudzi. Ndinayesa kudumphadumpha, anati ndiye wachipeza chotseka. Kenaka anakalipa kuti, "Yenda ngati chinthu chimene umachiopa, koma ukufuna chikuyang'ane." Ndinali m'jasi la Bambo, likununkha phula ndi fodya wawo. Miyendo inangoyamba yokha. Onse anasiya zimene ankachita n'kumandiyang'ana, ndipo ine zinandikomera. Ndinadziwa kuti ndi kayendedwe ka ndani. Ndinadzinamiza kuti ndi sefa kumutu palibe angazindikire. Za chingwe zija sindinaiwale, achemwali. N'chifukwa chake Khirisimasi iliyonse ndimakhala ndi chombo choti ndimate.

Tsopano tamvani zimene ndachita. Pojambula magawo atatu otsalawa ndinakana kutsimphina. A Krogh anapempha, anakalipa, anaponya chipewa pansi. Ndinati Ulk wachira. Anati chilombo sichichira, ndinati ichi chapita kuchipatala. Popeza jasi limakwana ine ndekha ndipo nthawi inali itatha, anajambula choncho.

Gawo lachinayi mwina munaliona Loweruka. Dzulo a Hjorth alemba kuti: "Chamoyo chimodzi chija chafa. Ulk tsopano akuyenda ngati kalaliki wa ku positi ofesi wopita kukadya nkhomaliro. Ndinakuuzani kuti musunge dzina la Ejvind Bjerre. Mukhoza kulitaya. Unali mwayi wa tsiku limodzi, luso palibe." A Krogh alembanso gawo lomaliza kuti Ulk aphedwe ndi mwala. Akuluakulu a kanema anena kuti sipadzakhalanso "Chombo Dagmar" china, ndipo anzanga akuti wamiza chombo ndine, ngati kuti chinayandamapo.

Sindikudandaula. Ndingopempha muwauze Bambo kuti ndasiya. Mundiuze ngati ayambanso kupita kudoko.

Ejvind


Lemvig, 2 Febuluwale 1979

Iwe Ejvind,

Moni ndikupatsa theka, theka linalo ndisunge kaye. Kalata yako ndawerenga kawiri. Ndi yoyamba chibadwire imene sunadzitamemo, moti ndinayang'ananso siginecha.

Uthenga wako sindinaupereke, chifukwa anaona okha. Bambo amati sewero lako saonera. Koma Loweruka lililonse ikamakwana 7 koloko, loko wa chitseko cha pabalaza amawonongeka, ndipo amabwera ndi sikuludiraiva kudzamukonza. Amamukonza mphindi makumi atatu ndendende, nkhope ili ku kanema. Loweruka lapitali chilombo chitatulukira chikuyenda mowongoka, sikuludiraiva inagwa pansi.

"Chikuyenda bwanji chonchi? Chadwala?"

Amenewo ndi mawu oyamba kundilankhula m'masabata atatu. Ndinati mwina chachita manyazi. Anati, "Zopusa," n'kubwerera kushedi.

Ndimaganiza kuti mtima ukhala pansi, koma zafika poipa. Lachiwiri a Laurids anabwera ndi nyuzipepala ya ku Copenhagen, n'kuwawerengera za kalaliki wa ku positi ofesi zija, poganiza kuti awasangalatsa. Bambo anafiira makutu. Anawalanda nyuzipepalayo, n'kuwauza kuti khofi watha, pamene ketulo inali yodzaza. Madzulo ake anandifunsa pepala labwino, envulopu ndi sitampa. Analemba maola awiri patebulo la kukhitchini, dzanja lina litaphimba pepala ngati mwana wa sukulu pa mayeso. Lachitatu anavala tayi ija n'kupita okha ku positi, kudutsa pakati pa tawuni masanasana, koyamba chichitikire zija. Ndinangoona kuti adiresi ndi ya ku Copenhagen, koma dzina si lako.

Ejvind, ndikuganiza kuti alembera loya. Paja msuweni wa a Laurids anachita zomwezo pochotsa mwana wake pa chuma cha masiye. Nyumba ino ndi shedi si za mtengo wapatali, koma ukudziwa tanthauzo lake. Ndinawafunsa mosapita m'mbali ngati akukukana. Anati, "Bodil, mbatatesi zikupserera." Sizinkapserera.

Ndakuchenjeza kuti zikakupeza zisakudzidzimutse. Masokosi ena ndayamba kuluka, koma usadalire.

Bodil


Copenhagen, 7 Febuluwale 1979

Achemwali,

Moni. Loya wanu uja ndamupeza. Ali pa tsamba lachisanu ndi chinayi la nyuzipepala ya lero.

M'mawa ndinapita kulesitilanti yanga yakale kukapempha kuti andibwezere pa sinki. Ndisanatsegule pakamwa, wophika anandifunsa ngati Aksel Bjerre wa ku Lemvig ndi m'bale wanga. Ndimati amwalira. Anandipatsa nyuzipepala, pamalo pamene a Hjorth amalemba. Ndikukoperani yonse, chifukwa yodulayo sindikupatsani:

"Kwa a Hjorth. Ine ndine Aksel Bjerre, msodzi wopuma ntchito. Masabata atatu apitawo munalemba kuti kayendedwe ka chilombo ndi chisoni cha mtundu wonse wa anthu. Si chisoni cha mtundu wa anthu, ndi chiuno changa, ndipo chinathyokera padoko la Lemvig, osati kuseri kwa nyenyezi. Jasi nalonso ndi langa. Ndinauzidwa kuti linadyedwa ndi makoswe, ndipo makoswewo ndawadziwa, alipo awiri, ndinabereka ndekha. Zoti seweroli ndi zinyalala ndikuvomereza, ndipo ng'ombe ija munaiweruza mwachilungamo. Koma sabata ino mwalemba kuti mwana wanga alibe luso. Pamenepo mwanama. Munthu amene angabe kayendedwe ka bambo ake, mpaka mayi wogontha wa zaka makumi asanu ndi atatu n'kukazindikira pansi pa sefa, luso ali nalo. Ndi luso la mbava, koma ndi luso. Wasiya kutsimphina chifukwa mlongo wake wamukalipira, ndipo inunso akanakukalipirani mukanawongoka. Kunyoza mnyamata ameneyu ndi ntchito yanga. Ndaigwira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi ndipo sindinapemphe wondithandiza. Ngati muli ndi mawu ena, sitima ya ku Lemvig imafika kawiri pa tsiku."

Pansi pake a Hjorth angolemba mzere umodzi: "Ndalemba ndemanga zaka makumi atatu, ndipo iyi ndi yabwino kuposa zanga zonse, ku Lemvig sindipita."

Achemwali, ndinaiwerenga nditaima pakati pa mapoto, ndipo wophika anandiuza kuti ndikalirire panja chifukwa msuzi uli kale ndi mchere. Pofika masana tawuni yonse inali ikukamba. A Krogh andiimbira foni kufunsa ngati Bambo angalembe sewero. Mayi mwini nyumba wawonjezera malasha. Kanyumba kena ka zisudzo kandiitana Lolemba kuti akandiyese, akuti akufuna munthu wodziwa kuyenda. Pa sinki andilandirabe, ndiyamba mawa, pakuti kutchuka sikudyedwa.

Koma inu amene mumawadziwa, tandimasulireni. M'kalata imodzi anditcha khoswe, mbava ndi mwana wawo. Kodi andikhululukira kapena angondilanda m'manja mwa a Hjorth kuti andimalize okha? Ndiwalembere? Ndiyambe bwanji? Mundiyankhe msanga.

Ejvind


Lemvig, 12 Febuluwale 1979

Ejvind,

Mlongo wako akuti ukufunsa ngati ungandilembere. Usalembe. Ndaona makalata amene umamulembera, ndi aatali.

Tili bwino. Kudoko ndayambanso kupita. Tsopano akumandiitana kuti wolemba nyuzipepala, ndipo Laurids akufuna ndimulembere kalata yodandaula za mtengo wa dizilo.

Loweruka ndinaona imfa yako. Mwala umene unakuphawo unadunda kawiri usanakugwere, ndipo wina anaoneka dzanja akuukankha. Koma unagwa bwino. Unayamba ndi bondo, kenaka phewa, ngati munthu amene anaonapo wina akugwa. Kirstine analira. Ndamuuza katatu kuti uli moyo koma sakumva, ndiye udzamuonekere wekha.

Mlongo wako anakulembera za chingwe. Ndinamuletsa, koma ndani anamuletsapo ameneyu. Tamvera, ndinena kamodzi. Tsiku lija mafunde anali oti ngakhale ukanakhalapo boti likanagunda khoma. Kusiyana kwake n'kwakuti likanaphwanya iwe, ndipo chingwecho chikanamasukabe, chifukwa mfundo sunkadziwa kumanga. Ndinakuphunzitsa zaka zinayi. Unali msodzi woipa kwambiri amene ndinayendapo naye, ndipo tsiku limene unathawa nsomba zokha ndi zimene zinadandaula. Nkhani imeneyi yatha.

Chinanso. Mwendo wanga wovulala ndi wamanzere. Iwe magawo atatu onse unkaponya wamanja. Denmark yense waonera zolakwika, ndipo Hjorth wakoyo sanazindikire. Ngati anthu a Lolembawo akufuna uziyenda, uziyenda zoona.

Ubwere pa Pasaka. Ndidzakuchingamira kusiteshoni. Koma popita kunyumba iwe udzatsogole kapena udzatsalire m'mbuyo, tisadzayende limodzi, anthu angasowe woti amupatse moni.

Bambo ako,
Aksel Bjerre